Maina atatu a pa intaneti: mangani limodzi, gulitsani lina, lachitatu lisiyeni

Achimwene, mwati muli ndi madomeni atatu, kapena kuti maina a pa intaneti: la nshawa pa .co.zm ya ku Zambia, la malo ogona alendo ku Chipata pa .com, ndi la mawu atatu a Chingerezi okhudza ngongole pa .net. Nthawi yolipiranso yayandikira, ndipo mukufunsa ngati ndi bwino kuwaika pa parking kapena kuwamangira bizinesi. Ine ndikuti mangani la nshawa, la malo ogona muligulitse kapena kulibwereketsa, la ngongole musalilipirenso.

Parking imayenda motere. Mumasintha ma nameserver a dzina lanu, omwe amauza intaneti komwe tsamba lanu lili, kuti aloze ku kampani ngati Sedo kapena ParkingCrew, iwo n'kuikapo tsamba la zotsatsa malonda. Munthu akadina chotsatsa, ndalama imagawidwa pakati pa mwini zotsatsazo, kampani ya parking ndi inu, ndipo inu mumakhala omalizira. Alendo amene amabweretsa ndalama makamaka ndi amene alemba okha dzinalo mu browser, chifukwa Google siika masamba opanda kanthu ngati amenewa pamwamba. Ndiye dzifunseni: wogula nshawa wa ku Lusaka amalemba dzina lanu mongoganizira, kapena amafunsa pa WhatsApp ndi pa Facebook?

Tiyerekeze kuti pamwezi pabwera anthu 100, asanu adina, ndipo kudina kulikonse kukupatsani masenti 5 a dola. Pachaka mwapeza madola 3, pomwe kulipiranso .com kapena .net kumadutsa madola 10. Mtengo wa kudina umatengeranso dziko la wodinayo ndi mtundu wa malonda: wa ku America wofuna inshuwalansi ndi wa kuno wofuna nshawa salipira mofanana ngakhale pang'ono. Komanso mu 2025 Google inachotsa otsatsa malonda pa masamba a parking pokhapokha iwo eni atasankha kukhalapo, ndiye ndalama zake zinatsika. Ngati mukufuna kudzionera nokha, ikani maina onse pa parking masiku 30, muone chiwerengero cha alendo ndi maiko awo, pokumbukira kuti ambiri mwa iwo ndi mapulogalamu oyendayenda, si anthu. Musadine nokha kapena kutuma abale. Akaunti imatsekedwa ndipo ndalama zimapita.

Mawu akuti premium, otanthauza dzina lapamwamba, asakunamizeni. Kwa kampani yolembetsa maina amangotanthauza kuti ikulipiritsani zambiri. Zoona voice.com inagulitsidwa madola 30 miliyoni mu 2019, koma limenelo ndi liwu limodzi la Chingerezi pa .com lomwe kampani yolemera inkalifuna. Mtengo womwe makina oyerekezera mitengo ya maina amakuonetsani sutanthauza kuti wogula alipo.

Tsopano la nshawa. Ili ndi lomwe lili ndi nzeru, chifukwa katunduyo ali pakhomo panu: Chipata, Katete, Petauke, Lundazi. Dzina lili ngati puloti ya m'mbali mwa Great East Road. Malo ndi abwino, koma popanda sitolo ndi munthu wogulitsa palibe amaima. Kumanga sikutanthauza kudzaza nkhani makumi asanu za ubwino wa nshawa. Kuyambira 2012 Google inasiya kukweza tsamba lopanda phindu chifukwa chongoti dzina lake likufanana ndi mawu ofufuzidwa, ndipo mu Malichi 2024 inakhwimitsa malamulo pa nkhani zochulukitsidwa pofuna kungokopa alendo. Chimene mukumanga ndi ntchito yolumikiza alimi ndi ogula, tsambalo ndi khomo chabe.

Yambani ndi miyendo, osati kompyuta. Gwirizanani ndi makopaletivu atatu kapena anayi amene angakuuzeni sabata iliyonse matumba omwe ali nawo. Kenako pezani ogula asanu enieni, opanga chimponde kapena ogulitsa kwambiri a ku Lusaka ndi ku Copperbelt, muwafunse chomwe chimawavuta. Ambiri adzatchula zinthu zomwezi: mitundu yosakanikirana, matumba osakwana sikelo, ndi chuku. Apa ndiye pali ndalama yanu. Pa tsamba, katundu aliyense alembedwe mtundu wake, kaya Chalimbana, MGV4 kapena MGV5, ngati ndi zoswa kapena zamakoko, matumba angati a makilogalamu 50, ali kuti, mtengo, ndi tsiku lomwe mtengowo walembedwa. Gulani sikelo yabwino ndi kachipangizo koyezera chinyezi. Nshawa zoswa zisapose 8 peresenti, apo ayi chuku chimamera m'thumba n'kubala poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo wogula wopanga chakudya akabweza lole imodzi sadzakuimbiraninso. Alimi ena amanyowetsa makoko kuti asweke msanga, ndipo pamenepa ndi pomwe chuku chimayambira. Nenani poyera kuti zotere simulandira.

Tsamba lenilenilo lisakhale lalikulu. Masamba anayi akwana: katundu amene alipo, mmene mumagwirira ntchito, za inu, ndi polumikizirana. Pakhale batani la WhatsApp lotsegula macheza pompo. Zithunzi zikhale zanu, za matumba enieni, ndipo muzichepetse kufika makilobaiti 150 kapena kutsika, chifukwa anthu akutsegula pa foni ndi bandulo yowerengera. Setifiketi ya SSL, yoteteza tsamba, ya Let's Encrypt ndi yaulere, imatha pa masiku 90, ndiye funsani a hosting, kampani yosunga tsamba lanu, ngati imadzikonzanso yokha. Tsegulani imelo ya pa dzina lanulo, muikemo SPF ndi DKIM, zotsimikizira kuti kalata yachokeradi kwa inu, apo ayi makalata anu azigwera mu spam. Lembetsani bizinesi ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani, mutenge nambala ya msonkho ya TPIN ku ZRA, ndipo nambala ya Airtel Money kapena MTN MoMo ikhale ya bizinesi. Kampani yogula matani siitumiza ndalama ku nambala ya munthu wosamudziwa.

Zinthu ziwiri zimapha ntchito yotere. Choyamba ndi mitengo yakale: wogula akaona mtengo wa miyezi iwiri yapitayo amadziwa kuti kulibe munthu. Chachiwiri n'chakuti mukangolumikiza mlimi ndi wogula, ulendo wotsatira amagulitsana okha. Musadalire komishoni ya kungodziwitsana. Lipiritsani pa thumba chifukwa cha ntchito yomwe sangaichite pa foni: kusonkhanitsa, kusankha, kupima, kusoka matumba ndi kukweza mu lole yoyenda makilomita oposa 550 kuchokera ku Chipata kupita ku Lusaka. Ndipo zonsezi zikhale zokonzeka mwezi wa Epulo usanafike, poti kukolola kukayamba mavenda amakhala ali kale m'midzi ndi ndalama m'manja.

La malo ogona musalimange. Mlendo wobwera ku Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, kapena wodutsa popita ku Mfuwe ndi ku Mwami amayang'ana pa Google Maps ndi Booking.com, ndipo simungapikisane nawo mulibe chipinda n'chimodzi chomwe. Koma kwa mwini loji dzinalo lili ndi ntchito. Ikanipo tsamba limodzi lonena kuti likugulitsidwa, lembani mtengo wake poyera, mulilembetse pa misika ya maina ya Afternic kapena Sedo, yomwe imadula komishoni likagulidwa. Kuposa apo, pitani nokha kwa eni maloji. Wina akafuna lendi ya pamwezi, dzinalo likhalebe mu akaunti yanu, mungosintha DNS, yomwe imanena komwe dzinalo likuloza, kuti iloze ku tsamba lake, ndipo mulemberane pangano. Akafuna kugula, auth code, nambala yachinsinsi yosamutsira dzina, musaipereke ndalama zisanalowe. Kwa wogula wakunja gwiritsani ntchito Escrow.com, yomwe imasunga ndalama za wogula mpaka dzinalo litasamutsidwa. Wokulemberani kuti agula pamtengo waukulu koma muyambe mwalipira setifiketi yoyesa mtengo ku kampani yomwe iye wasankha, ameneyo ndi wakuba.

La ngongole lisiyeni. Mawu atatu pa .net alibe msika, kubwereketsa ndalama kumafuna laisensi, ndipo kusonkhanitsa manambala a ziphaso za NRC a ofuna ngongole kukuikani pansi pa lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act ya 2021.

Pa awiri otsalawo, lowani mu akaunti lero muone ngati mwini wolembedwa ndi inu, osati mnyamata amene anakulembetserani. Yatsani auto-renew, kuti dzina lizidzilipiriranso lokha, ndi chitetezo cha magawo awiri polowa mu akaunti. Dzina la .com likatha nthawi n'kulowa mu redemption, mumakhala ndi masiku 30 oliwombola pamtengo wokwera kangapo, kenako masiku 5 n'kufufutidwa kuti aliyense alitenge. La .co.zm lili pansi pa ZICTA, bungwe la boma loyang'anira zamauthenga, ndipo malamulo ake ndi ena, ndiye funsani kampani yomwe munalembetsera tsiku lenileni lotha ndi mtengo wolipiranso.