Magetsi akayaka, kompyuta ya pa kauntala ikukana kutulutsa risiti

Mayi wina amene ali ndi sitolo ya zipangizo zomangira ku Kasungu walemba kuti: "Ndili ndi makompyuta awiri, ina mu ofesi, ina pa kauntala. Magetsi akathima n'kuyakanso, ya pa kauntala imalemba kuti 'Can't connect to MySQL server' ndipo malonda amaima. Mnyamata amene anatiikira pulogalamuyi amabwera, n'kukonza kwa kanthawi kochepa, n'kulipiritsa. Chinanso, katundu wa m'sitolo ndi ndalama za m'dirowa sizikugwirizana. Ndichite bwanji?"

Mayi, pulogalamu yanu ili bwinobwino. Mitengo, sitoko ndi malonda anu onse zimakhala mu database imodzi, nkhokwe yosungira zolembedwa zonse za sitolo, ndipo malinga ndi mmene mwafotokozera, database imeneyo ili pa kompyuta ya mu ofesi. Ya pa kauntala imangopita kukafunsa kumeneko. Kuti ikafike, iyenera kudziwa adiresi ya kompyuta ya mu ofesiyo, nambala ya port (chitseko chimene database imayankhira pa kompyutayo), dzina la database, dzina lolowera ndi pasiwedi. Zonsezi zinalembedwa mu kafayilo kena kapena pa tsamba la settings, ndipo ndi pomwe mnyamatayo amagwira akabwera.

Chimene amasintha, mwachidziwikire, ndi adiresi. Rauta yanu, kabokosi kolumikiza makompyuta anu, imagawa maadiresi kwa chipangizo chilichonse chimene chalowa pa netiweki, ndipo ikazima n'kuyakanso ikhoza kuwagawa mwatsopano. Kompyuta ya mu ofesi imene dzulo inali 192.168.1.10 lero yapatsidwa 192.168.1.14, adiresi yakale yatengedwa ndi foni ya wogulitsa, pamene ya pa kauntala ikugogodabe pa khomo lakale. Muuzeni aike adiresi yokhazikika pa kompyuta ya mu ofesi, kapena aisungitse mu rauta kuti isamapatsidwe kwa wina. Imeneyi ndi ntchito ya kamodzi. Port ayi, sikawirikawiri kusintha: mapulogalamu a database a MySQL ndi MariaDB amagwiritsa 3306, PostgreSQL 5432, SQL Server 1433, pokhapokha wina atasintha dala. Muziyambanso kuyatsa ya mu ofesi, idzuke kaye, kenako ya pa kauntala. Tsiku lina mukadzaona "Access denied for user", dziwani kuti njira ili bwino koma dzina kapena pasiwedi ndi zimene zalakwika.

Pamenepo mufunse funso limodzi: kauntala imalowa ndi dzina liti? Akati root, asinthe. Root ili ndi mphamvu yofufuta database yonse, ndipo pasiwedi yake nthawi zambiri imakhala yowerengeka mu kafayilo kaja kwa aliyense wodziwa potsegula. Kauntala ipatsidwe dzina lake lokhala ndi mphamvu zochepa. Gulaninso UPS (batire lopereka magetsi kwa kanthawi akathima) ya kompyuta ya mu ofesi ndi rauta, chifukwa magetsi akathima database ili mkati molemba, ikhoza kuwonongeka. Madzulo alionse kopelani backup, kope ya database yonse, pa fulashi n'kupita nayo kunyumba, ndipo mnyamatayo akuonetseni ndi maso kuti backup imeneyo ikubwezeretseka.

Funso lanu lachiwiri ndi limene lili ndi ndalama zambiri, ndipo yankho lake lili mu log, kaundula amene pulogalamu imalembamo zimene zachitika.

Ma log alipo amitundu iwiri, ndipo anthu amawasokoneza. Woyamba ndi wa pulogalamu yeniyeniyo: umalemba pamene yadzuka, pamene yalephera kulumikizana, pamene yapunthwa. Uli ndi milingo ya kuchuluka kwa zimene uzilemba, kawirikawiri DEBUG, INFO, WARNING ndi ERROR. Amisiri amakonda kuika DEBUG pofufuza vuto n'kuiwala kubweza, chonsecho DEBUG imalemba chilichonse, imadzaza disiki, ndipo disiki ikadzaza database imaleka kulemba. Pa sitolo ngati yanu INFO kapena WARNING yakwana, ndipo mafayilo akale azifufutika okha, mwachitsanzo pakatha mwezi. DEBUG ikhozanso kumalemba manambala a foni ndi mayina a makasitomala poyera, pomwe lamulo loteteza deta za anthu la 2024, limene MACRA ikuyang'anira, likufuna kuti zoterezi zisamalidwe.

Wachiwiri ndi audit log, ndipo uwu ndi wanu inuyo, osati wa mmisiri. Umalemba amene wafufuta risiti, amene watsitsa mtengo wa simenti, amene wachotsa malata pa sitoko, ndi nthawi yake. Pa mapulogalamu ena umabwera wozimitsa, ndiye onetsetsani kuti wayatsidwa. Koma ngakhale utayaka, suthandiza ngati ogulitsa onse amalowa ndi dzina limodzi ndi pasiwedi yolembedwa pa kapepala pansi pa kiyibodi, zimene zimachitika m'masitolo ambiri. Log ingolemba kuti "admin" wafufuta risiti, ndipo admin ndi aliyense, kuphatikizapo inu. Aliyense akhale ndi dzina lake, ndipo wogulitsa asakhale ndi mphamvu yofufuta log kapena yosintha mtengo popanda inu.

Yang'ananinso wotchi. Ngati log ikutsalira ndi maola 2 ndendende, ndiye kuti ikulemba nthawi ya UTC, imene dziko lonse limawerengerapo nthawi, pomwe Malawi ili patsogolo ndi maola 2. Musanadziwe zimenezi mukhoza kuimba mlandu mtsikana wa shifiti ya m'mawa pa zimene zinachitika masana. Ndipo risiti yofufutidwa si umboni wa kuba. Kasitomala amabwezadi katundu. Chofunika kuona ndi chizolowezi, monga dzina limodzi kumafufuta nthawi imene inu mwapita ku banki.

Mnyamatayo musamuthamangitse. Mulipireni ulendo umodzi wokwanira kuti akonze zonsezi, akulembereni papepala adiresi, port, mayina olowera ndi pomwe ma log amasungidwa, kenako mukhale naye pansi musinthe pasiwedi ya root, mulembe nokha, isungidwe kwa inu.