Mwana wanga akufuna kuyendetsa ntchito yotulutsa mapulogalamu, kodi akuthawa zovuta?

Mayi wina watilembera motere: "Mwana wanga wamkazi ali m'chaka chachitatu, akuphunzira sayansi ya makompyuta. Atabwerako kumene anakaphunzira ntchito kwa miyezi itatu, wandiuza kuti sakufunanso kumangolemba mapulogalamu. Akuti akufuna kukhala munthu wokonza dongosolo ndi kugwirizanitsa magulu pamene kampani ikutulutsa pulogalamu yatsopano. Ine ndikuona ngati ndi ukalaliki woitanitsa misonkhano basi. Kodi sakuthawa zovuta ameneyu? Zaka zitatuzi zapita pachabe?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo nkhawa yanu ndaimvetsa. Mtima ukhale m'malo: ntchito imene mwana wanu akunenayo ilipodi, ndi yolemera, ndipo munthu amene sanaphunzire zimene iye akuphunzirazo amavutika nayo kwambiri. Makampani amaitchula mosiyanasiyana. Ena amati release manager, ena technical program manager, kwina amaiphatikiza mu udindo wa project manager kapena product manager. Mayinawo asakusokonezeni. Udindo wake ndi woonetsetsa kuti pofika tsiku lopereka pulogalamu kwa anthu, aliyense amene anayenera kumaliza mbali yake wamalizadi, ndipo ngati sanamalize, zidziwike nthawi ikadalipo.

Pulogalamu siichokera m'manja mwa munthu mmodzi. Pali oilemba, okonza maonekedwe ake, oiyesa amene amalipidwa kuti aiswe dala isanafike kwa anthu, osamalira maseva (makompyuta akuluakulu amene pulogalamu imayenderapo), a chitetezo, a zamalamulo oona ngati zinsinsi za anthu zikusungidwa bwino, otsatsa malonda, ndi oyankha madandaulo a makasitomala. Gulu lililonse lili ndi bwana wake komanso zofuna zake. Otsatsa analengeza kale tsiku ndipo safuna lisunthe. Oyesa akupempha sabata ina. Olemba akuti zatsala pang'ono. Ngozi zambiri zimachitikira pamalire, pamene gulu lina likupatsira linzake ntchito, aliyense akuganiza kuti mnzake waona kale.

Ndikupatseni nkhani imodzi imene ndimakonda kuuza ophunzira. Pa 1 Ogasiti 2012, kampani ya ku America yogula ndi kugulitsa masheya, Knight Capital, inayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yatsopano. Pulogalamuyo inayenera kuikidwa pa maseva 8, koma woikayo anaiwala imodzi, ndipo panalibe lamulo loti munthu wachiwiri abwere kudzatsimikizira. Seva yoiwalikayo inadzutsa pulogalamu yakale imene inasiya kugwiritsidwa ntchito zaka zambiri m'mbuyomo, n'kuyamba kugula ndi kugulitsa masheya mosalekeza. M'mphindi 45 kampaniyo inataya madola oposa 400 miliyoni, ndipo pasanathe chaka inali itaphatikizidwa ndi kampani ina. Chimene chimandipweteka pankhaniyi ndi chakuti m'mawa womwewo, msika usanatsegulidwe, makina anatumiza maimelo 97 osonyeza kuti china chake sichili bwino, koma palibe amene anachitapo kanthu. Anthu anzeru analipo ambiri. Chinasowa ndi dongosolo lofunsa kuti maseva onse 8 aonedwa, amene waona ndani, ndipo zikavuta tibwerera bwanji.

Zofanana ndi zimenezi zinachitikira NASA, bungwe la ku America lofufuza za mumlengalenga, mu 1999. Chombo cha Mars Climate Orbiter chinatayika chitafika kale ku Mars chifukwa gulu la kampani ya Lockheed Martin, imene inapanga chombocho, linkawerengera mphamvu m'mapaundi, pamene gulu loyendetsa chombocho linkatenga manambala omwewo ngati ali m'manyutoni, muyezo wina wa mphamvu wosiyana ndi mapaundi. Magulu onse awiri ankadziwa masamu awo, koma sanamvane.

Ndiye munthuyu amatani kwenikweni? Amayambira pa tsiku lotulutsa n'kumawerenga chobwerera m'mbuyo. Ngati oyankha makasitomala ayenera kuphunzitsidwa sabata imodzi tsikulo lisanafike, ndiye kuti malangizo ayenera kukhala atalembedwa sabata ziwiri lisanafike, ndiye kuti maonekedwe a pulogalamu asiye kusinthidwa kale kuposa pamenepo. Amalemba chimene chikudikira chinzake, ndipo pa chinthu chilichonse amaikapo dzina la munthu mmodzi, chifukwa ntchito yolembedwa kuti "gulu la maseva" aliyense amaiyang'ana n'kuidutsa. Amaika tsiku loletsa kuwonjezera zatsopano, ndipo apa ndi pamene amadedwa, popeza nthawi zonse pamapezeka bwana wobwera ndi kanthu kena kabwino koti kalowemo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kenako pamakhala msonkhano womaliza, umene pa ntchitoyi amautcha go/no-go, pamene woimira gulu lililonse amanena ndi pakamwa pake kuti takonzeka kapena ayi.

Mbali ina imene ophunzira ambiri saiganizira ndi yakuti pulogalamu siiyenera kufika kwa anthu onse tsiku limodzi. App Store ya Apple, kumene anthu amatengako mapulogalamu a pafoni, imalola kutulutsa zosintha pang'onopang'ono kwa masiku 7, kuyambira munthu 1 pa anthu 100 alionse tsiku loyamba, kuti ngati muli cholakwika chipezeke chisanafalikire. Google Play nayo ili ndi njira yotere. Kufunika kwake kunaoneka pa 19 Julayi 2024, pamene kampani ya chitetezo cha makompyuta ya CrowdStrike inatumiza kafayilo kolakwika kwa makasitomala ake nthawi imodzi. Microsoft inati makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anakhudzidwa. Ndege zinalephera kunyamuka, zipatala ndi mabanki zinasokonekera. Mwa zimene kampaniyo inalonjeza pambuyo pake munali kuyamba kutulutsa mafayilo oterowo pang'onopang'ono. Kusankha kuti tiyambe ndi anthu angati, tiziyang'ana chiyani, ndipo chizindikiro choti tiime ndi chiti, ndi zina mwa zimene mwana wanu akufuna kumachita.

Mungafunse kuti bwanji magulu osangomvana okha. Yankho lili m'masamu osavuta. Anthu 5 akamagwira ntchito limodzi, pali njira 10 zolankhulirana awiriawiri. Akafika 20, njirazo zimakwana 190. Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito yopanga pulogalamu ya OS/360 ku IBM, ananena kale mu 1975 kuti kuwonjezera anthu pa ntchito ya mapulogalamu imene yachedwa kumangoichedwetsa kwambiri, chifukwa atsopanowo amafunika kuphunzitsidwa ndiponso kulankhulana kumachuluka. Kampani ikamakula, pamafunika munthu amene ntchito yake yeniyeni ndi kusamala njira zimenezo.

Komabe Mayi, funso lanu loti akuthawa zovuta sindikulitaya, chifukwa ophunzira otero ndimakumana nawo. Alipo amene kulemba mapulogalamu kwawakanika, ndiye akuona ngati kuyendetsa anzawo ndi njira yachidule yokhalira bwana. Amenewa amakhumudwa msanga. Wogwirizanitsa magulu kawirikawiri sakhala bwana wa anthu amene akuwadikirawo. Sangawalamule kapena kuwachotsa ntchito, amangodalira kuti amukhulupirire. Ndipo akatswiri sakhulupirira munthu amene sakumva zimene akunena. Wolemba pulogalamu akati "zatha, changotsala kuyesa," munthu amene analembapo amadziwa kuti mwina theka la ntchito likadalipo, ndipo amafunsa kuti yayesedwa pa deta yochuluka bwanji, nanga database, nkhokwe yosungiramo detayo, ikasinthidwa tingathe kubwerera ku yakale. Amene sanalembepo amangolemba kuti "zatha" n'kukauza akuluakulu. Choncho digiriyo amalize, ndipo maphunziro ovutawo asawazembe.

Tsopano ndilankhule ndi iwe mwana wanga, popeza ndikukhulupirira kuti amayi akuonetsa yankholi. Ntchito imeneyi kawirikawiri siikhala yoyamba munthu akangochoka pasukulu. Ambiri amaifikira atagwira zaka zingapo monga olemba mapulogalamu, oyesa, kapena othandiza makasitomala pa zaukadaulo. Ine ndimalimbikitsa kwambiri za kuyesa, chifukwa woyesa amakhala pamalire enieniwo: amalandira ntchito kwa olemba, amamva kukakamiza kwa otsatsa, ndipo amaphunzira msanga kunena kuti "sizinakonzeke" kwa anthu osafuna kumva mawuwo. Usaione ngati ntchito yotsika.

Ukadali pasukulu, pulojekiti ya gulu ya chaka chomaliza ndi munda wako woyamba. Tenga udindo wosunga dongosolo, koma uzilembanso mbali yako ya pulogalamu. Gwiritsa ntchito Git, chida chosunga mbiri ya zonse zosinthidwa mu pulogalamu, monga mmene amachitira kuntchito, ndipo ntchito za gulu uziike pa Trello kapena Jira, mapulogalamu olembapo ntchito zoti zichitike, chilichonse chili ndi mwini wake ndi tsiku lake. Sabata iliyonse lembera anzako uthenga waufupi wonena zimene zatha, zimene zachedwa, ndi zimene zingakugwetseni. Luso lolemba mwachidule zinthu zosasangalatsa, mosanyoza munthu komanso mosabisa choonadi, ndi limene lidzakusiyanitse ndi ena ofunsira ntchito yomweyo. Pamapeto lemba tsamba limodzi lofotokoza zimene zinalakwika ndi chifukwa chake, ndipo ulisunge. Pokufunsa mafunso olowera ntchito adzafuna nkhani yeniyeni ngati imeneyo.

Ukafuna kuona akatswiri akuchita zimenezi poyera, tsatira mapulojekiti a open source, amene aliyense amatha kuona mmene akulembedwera. Mwachitsanzo Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, imatulutsidwa kawiri pachaka, mu Epulo ndi mu Okutobala, ndipo kalendala yake yonse, kuphatikizapo tsiku loletsa kuwonjezera zatsopano, imaikidwa pa intaneti kuti aliyense aione. Tsatira nyengo imodzi kuyambira poyamba mpaka potuluka, uone mmene amakambirana pamene wina wapempha kuti chinthu chake chilowe mochedwa. Werenganso Scrum Guide ya Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland, yofotokoza njira ina yoyendetsera ntchito ya gulu. Ndi yaulere komanso yaifupi, ndipo mawu ake monga sprint (nyengo yaifupi yogwirira gawo limodzi la ntchito) ndi msonkhano wa mphindi 15 wa tsiku ndi tsiku udzawapeza m'makampani ambiri.

Za masatifiketi ndinene mwachidule. CAPM ya bungwe la Project Management Institute safuna kuti ukhale utagwirapo ntchito, pamene PMP ya bungwe lomwelo imafuna zaka zingapo zotsogolera mapulojekiti, ndiye imeneyo ndi ya m'tsogolo. Pali PSM I ya Scrum.org, ndi ISTQB Foundation ya oyesa mapulogalamu. Imodzi ndi yokwanira poyambira, ndipo ndingasankhe ya ISTQB ngati ukulowera khomo la kuyesa. Usaunjike mapepala musanatulutse ngakhale pulogalamu imodzi ndi anzako.

Ndikuchenjezenso chimodzi, chifukwa ndikanakonda kuti uchidziwe usanalowemo. Zikayenda bwino, anthu amayamikira olemba ndi otsatsa, ndipo iwe sutchulidwa. Zikavuta, foni yoyamba kulira ndi yako, nthawi zina pakati pa usiku. Pali anthu amene zimenezi zimawadya mumtima, ndipo palinso amene amapeza chimwemwe chenicheni poona kuti tsiku lalikulu ladutsa mwakachetechete. Dzifunse moona mtima kuti uli mbali iti.

Mayi, inu mungathe kudziwa nokha ngati akuthawa kapena wapeza njira yake. Mukhale naye pansi mumufunse kuti pa miyezi itatu ija anaona chiyani chimene chinatsala pang'ono kulakwika, ndipo iye akanakhala woyendetsa akanachita chiyani. Akayankha za misonkhano ndi maudindo okha, mulimbikitseni agwire kaye zaka ziwiri kapena zitatu akulemba mapulogalamu asanasankhe. Koma akayamba kukufotokozerani kuti gulu lakuti linkadikira lakuti, ndipo palibe amene anauza oyankha makasitomala kuti batani lasintha malo, musiyeni apitirize, ndipo mudzandilemberenso akamasankha malo ophunzirira ntchito a chaka chamawa kuti tidzaone limodzi oyenera.