Kodi mwana wa IVF ndi tchimo?

Anti, ine ndili pa banja chaka cha chisanu ndi chimodzi koma mphatso palibe. Ndasala kudya, ku mapemphero a kuphiri ndapita, mafuta odzoza ndamwa mpaka ndatopa. Apongozi ayamba kundinena kuti ndine chumba, alamu anga ena akuti tingolowetsa fisi nkhani ithe. Mchemwali wanga ali ku Joni akuti tibwere tikapange IVF atithandiza ndalama, koma bambo a kunyumba ndi a Katolika akuti nzoletsedwa, ine ndimapemphera ku pente. Kodi ndikapita ndachimwa?
Mayi wodandaula, Lilongwe

Achemwali, pepani, ndipo za fisizo zitayeni lero lomwe. Chimenecho ndi chigololo basi olo achite kuchikometsa bwanji, komanso HIV siyifunsa kuti munapangana pabanja. Sara anayesa njira yonga yomweyo pomupatsa Abrahamu Hagara, mukudziwa momwe nyumba ija inasokonekera.

Mkalata yanu yonse sindinaonemo mawu oti kuchipatala, nde ndikufunseni, munayezetsa? Nonse awiri? Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu mmodzi pa 6 alionse amakumana ndi vuto losabereka nthawi ina pa moyo wake, ndipo madokotala amati chaka chikatha mukugona limodzi osalera mimba osabwera, pitani. Vuto limatha kukhala kwa bambo, mbewu kuchepa kapena kufooka, koma kwathu kuno chala chimathamangira kwa mkazi ngati iye amatenga mimba yekha. Kwa amayi nthawi zambiri ndi machubu otsekeka kamba ka matenda opatsirana pogonana omwe sanachizidwe bwino, zotupa za mchiberekero, mazira osakhwima mwezi ndi mwezi, ngakhale likodzo kwa amene anakulira kunyanja. Zina mwa izi zimatheka ndi mankhwala kapena opaleshoni, ndipo pamenepa a Katolika alibe nazo vuto.

Pa IVF bambo akunena zoona za mpingo wawo. IVF ndi kutenga dzira la mayi ndi mbewu ya bambo nkuzikumanitsa mu labu, mluza ukapangika amaubwezera mchiberekero, mwana woyamba kubadwa choncho ndi Louise Brown ku England mu 1978. Vatican inakana njirayi mu chikalata cha Donum Vitae mu 1987 nkubwerezanso mu 2008, zifukwa zake akuti mwana azibwera kudzera mkukhalira pamodzi kwa mwamuna ndi mkazi wake, komanso miluza yotsala ija imene amaisunga mu fuliji kapena kuitaya ndi anthu kale. Koma mpingo womwewo umati mwana wobadwa choncho ndi mwana ngati wina aliyense, ndipo umalimbikitsa kulera ana amasiye. Mipingo yambiri ya chipulotesitanti simaletsa bola dzira ndi mbewu zikhale za eni banja, ngakhale a Southern Baptist ku America mu 2024 anachenjeza za miluza yotsalayo. Ku pente zimatengera abusa ake, ena amati ndi kuchepa chikhulupiriro, ine apo sindivomereza, abusa omwewo malungo akawagwira amamwa LA.

Za temberero musamve. Luka 1 amanena kuti Zakariya ndi Elizabeti anali olungama onse awiri pamaso pa Mulungu koma anakalamba opanda mwana. Isake anamukwatira Rebeka ali ndi zaka 40, mapasa anabwera ali ndi 60, ndipo amene ankapempherera nkhaniyi anali mwamuna, osati kumusiyira mkazi yekha kuphiri.

Maganizo anga, IVF musaikakamize bambo chikumbumtima chawo chikukana, ndi yodula kwambiri komanso ulendo woyamba nthawi zambiri imalephera, mungabwere ku Joni opanda mwana banja litagwedezeka. Yambani ndi dokotala wa amayi ku Bwaila kapena ku Central, akujambuleni machubu. Abambo nawo akapereke umuna ku labu, amauzidwa kukhala masiku awiri mpaka 7 osagonana asanapereke. Akachita manyazi apempheni a nkhoswe kapena bambo mfumu awalankhule, apongozi asadziwe kaye.