Mafunso ndi Mayankho: Galimoto Yosamwa Mafuta Timaidziwa Bwanji?

Chikwerereni mtengo wa mafuta, makalata ambiri amene akufika ku tsamba lino akukamba nkhani imodzimodzi, ndipo mwa onsewo tasankhapo anayi amene mafunso ake akuimira nkhawa za owerenga ambiri.

FUNSO: Ndili ndi galimoto yaikulu ya injini ya malita 3.0, yomwe imayenda makilomita 8 pa lita imodzi ya petulo, ndipo pa mwezi ndimayenda makilomita pafupifupi 1,500. Akazi anga akuti ndiigulitse kuti tigule yaing'ono, koma anzanga akuti ndingotayapo ndalama chifukwa ndiyenera kuwonjezera zambiri pa zimene ndigulitsire yakaleyo. Kodi ndimvere ndani? Ndine bambo wa ana atatu.

YANKHO: Bambo, mwatithandiza potipatsa manambala, chifukwa nkhaniyi imathera pa masamu ndipo ambiri amene amatilembera sadziwa n'komwe kuti galimoto yawo imamwa motani. Pa chaka inu mumayenda makilomita 18,000, zomwe zikutanthauza kuti mumathira malita 2,250 a petulo. Mutagula galimoto yoyenda makilomita 16 pa lita, monga zimachitira zambiri za injini ya malita 1.3 kapena 1.5 zikakhala zosamalidwa bwino, ulendo womwewo ungakudyereni malita 1,125, ndiye kuti theka lenileni latsala m'thumba. Tengani malita 1,125 amenewo muchulukitse ndi mtengo wa lita imodzi kumene mumathira, kenako muone kuti ndalama zimene muwonjezere pogula galimoto inayo zibwerera patapita zaka zingati. Zikamabwerera m'zaka ziwiri kapena zitatu, mayi akunyumba akunena zoona. Anzanuwo akanakhoza mukanakhala munthu woyenda makilomita 400 okha pa mwezi, chifukwa apo mukanapulumutsa malita 300 pa chaka, ndipo galimoto yatsopanoyo ikanakalamba isanabweze ndalama zanu.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu ambiri, ngakhale amene masamu sawavuta. Kuwerengera makilomita pa lita kumapusitsa, chifukwa makilomita 8 owonjezera sapulumutsa mafuta ofanana paliponse. Inu pochoka pa 8 kufika pa 16 mwapulumutsa malita 1,125, koma munthu wochoka pa 16 kufika pa 24, amenenso wawonjezera makilomita 8 omwewo pa mtunda wofanana ndi wanu, amachoka pa malita 1,125 kufika pa 750, ndiye kuti wapulumutsa 375 basi. N'chifukwa chake ku Ulaya amakonda kulemba malita amene galimoto imamwa pa makilomita 100 alionse, popeza nambala imeneyo imayendera limodzi ndi ndalama zotuluka m'thumba. Yanuyo imamwa malita 12.5 pa makilomita 100, ndipo amene apindule kwambiri posintha galimoto ndi anthu ngati inu, osati amene ali kale ndi yaing'ono koma akusirira ina yomwa pang'ono kuposa pamenepo.

Komabe musathamangire kagalimoto kakang'onong'ono chifukwa choti injini yake ndi yochepa. Magalimoto a ku Japan a injini ya 660cc (malita 0.66), monga Suzuki Alto ndi Daihatsu Mira, samwa mafuta akamayenda m'tauni atanyamula munthu mmodzi kapena awiri, koma mukakweza banja la anthu asanu ndi katundu n'kuyamba kukwera mitunda, injiniyo imagwira ntchito mopyola msinkhu wake, ndipo phindu lija limachepa kwinaku inu mukuvutika. Chimene chimalamulira kamwedwe ka mafuta ndi kulemera kwa galimoto, kaumbidwe kake podula mphepo, mtundu wa giya ndi ntchito imene mukuipatsa. Kwa banja ngati lanu, injini ya pakati pa malita 1.3 ndi 1.8 m'galimoto yopepuka yokoka ndi matayala awiri okha mwa anayiwo ndiyo yoyenera kuiganizira, pokhapokha ngati misewu imene mumayendamo imafunadi galimoto yokoka ndi matayala onse anayi.

Tingonenako pang'ono kuti vutoli si lachilendo. Mu October 1973 mayiko a Aluya otulutsa mafuta atasiya kugulitsa mafuta ku mayiko ena, mtengo wa mgolo umodzi wa malita 159 unachoka pa madola pafupifupi 3 kufika pafupifupi 12 m'miyezi yochepa. Anthu a ku America, amene ankakonda zimagalimoto zikuluzikulu, anayamba kugula Toyota Corolla ndi Honda Civic, ndipo mu 1975 boma lawo linakhazikitsa lamulo lokakamiza makampani kupanga magalimoto osamwa mafuta kwambiri.

FUNSO: Pogula galimoto yanga, pepala la wogulitsa linkanena kuti imayenda makilomita oposa 24 pa lita, koma ine sindinafikepo ngakhale pa 18. Kodi anandinamiza, kapena galimotoyi ili ndi vuto? Ndine mphunzitsi, mayi wa zaka 41.

YANKHO: Mayi, n'kutheka kuti palibe amene anakunamizani ndipo galimotoyo ili bwinobwino. Manambala a pa pepala amachokera ku mayeso ochitikira m'nyumba, pomwe galimoto imaikidwa pa makina ozungulitsa matayala n'kuyendetsedwa motsatira ndondomeko yokhazikika, popanda mitunda, popanda katundu wolemera, komanso makina oziziritsira mkati atazimitsidwa. Ndondomeko zakale, monga NEDC ya ku Ulaya ndi JC08 ya ku Japan, zinali zofatsa kwambiri kusiyana ndi mmene anthu amayendetsera, moti zinkatulutsa manambala okongola amene dalaivala wamba sakanawafikira. Pa chifukwa chimenechi ku Ulaya anayamba kugwiritsa ntchito mayeso atsopano a WLTP mu September 2017, ndipo Japan nayenso anatsatira ndi mayeso a mtundu womwewo mu 2018. Ngati galimoto yanu inapangidwa zaka zimenezi zisanafike, kusiyana kumene mukuonako n'kwachizolowezi. Chinyengo chenicheni chinachitikapo ndithu, monga mu April 2016 pamene kampani ya Mitsubishi Motors inavomera kuti inkasintha zotsatira za mayeso a magalimoto ake ang'onoang'ono, koma zoterezi sizichitika kawirikawiri. Manambala a pa pepala ndi othandiza poyerekeza galimoto ina ndi inzake, bola onse akhale ochokera ku mayeso amodzi.

Kuti mudziwe zoona za galimoto yanu, dzazani thanki mpaka pampu itadzidula yokha, lembani makilomita amene ali pa mita, ndipo yendani monga mwa masiku onse. Podzathiranso dzazaninso chimodzimodzi, kenako gawani makilomita amene mwayenda ndi malita amene alowa. Chitani zimenezi katatu kapena kanayi, chifukwa thanki imodzi ikhoza kukusocheretsani, ndipo musadalire kwambiri nambala yoonekera pa dashibodi, yomwe nthawi zambiri imakometsera pang'ono. Mukaona kuti kamwedwe kakwera mwadzidzidzi pomwe maulendo anu sanasinthe, apo m'pofunika kupita kwa makaniko kuti akaone mapulagi, mabuleki ogwira okha, mpweya wa m'matayala, ndi kachipangizo ka pa ekisozi koyeza mpweya wotuluka, komwe kakafa kamachititsa kompyuta ya injini kuthira petulo wochuluka kuposa wofunika.

Sitikudziwa kutalika kwa ulendo wanu wa kusukulu, koma ngati ndi wa makilomita atatu kapena anayi okha, ndiye kuti injini imazimitsidwa isanatenthe mokwanira, ndipo injini yozizira imamwa kwambiri chifukwa oyilo amakhala asanasungunuke bwino komanso kompyuta imawonjezera petulo dala. Maulendo afupiafupi angapo mukawaphatikiza kukhala umodzi, mudzaona kusintha.

FUNSO: Ndikufuna kugula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito ndipo ndaima pakati pa ya hybrid ndi ya dizilo. Ena akundiopseza kuti batire ya hybrid ikafa ndiye kuti galimoto yatha. Ndine mnyamata amene wangoyamba kumene ntchito.

YANKHO: Achimwene, yankho lagona pa kumene muziyenda. Galimoto ya hybrid ili ndi injini ya petulo ndi mota ya magetsi, ndipo luso lake lalikulu n'lakuti mukamaponda buleki, mota ija imasanduka chopangira magetsi n'kubweza mu batire mphamvu imene m'galimoto wamba imangotayika ngati kutentha kwa mabuleki. Mukaima pa maloboti kapena pa mdipiti injini imazima yokha, ndipo ponyamuka mota ndiyo imayamba kukoka. Choncho phindu lake limaoneka kwambiri m'tauni momwe mumaima n'kunyamuka kambirimbiri, pomwe pa msewu wautali wothamanga mosalekeza kusiyana kwake ndi galimoto yabwino ya petulo kumachepa, chifukwa buleki simuponda kawirikawiri. Luso limeneli lakhwima tsopano, popeza Toyota Prius inayamba kugulitsidwa ku Japan mu December 1997, Honda Insight inatsatira mu 1999, ndipo Toyota Aqua, yomwe ndi yaing'ono komanso yotsikirapo mtengo, inatuluka mu 2011.

Za batire zimene akukuopsezanizo zili ndi choonadi pang'ono. Batire imakalambadi, makamaka ikamatenthedwa kwambiri, ndipo kuisintha kumafuna ndalama zambiri, koma galimoto siithera pomwepo, ndipo mabatire ambiri amatumikira zaka zoposa khumi. Musanalipire, pitani nayo kwa makaniko wodziwa magalimoto a mtunduwu kuti aiyeze pa kompyuta n'kuona ngati timagawo ta batireyo tikusunga magetsi mofanana, ndiponso aone ngati kafani koiziziritsa sikanatsekeke ndi fumbi. Ngati kumene mukukhala kulibe makaniko wotero kapena zipangizo zake sizipezeka, ife tingakulangizeni kuti mugule galimoto yaing'ono ya petulo basi, chifukwa galimoto yoima pa galaja miyezi iwiri ilibe phindu ngakhale ikhale yosamwa mafuta.

Dizilo ndi wa munthu wa maulendo ataliatali ndi katundu wolemera. Lita imodzi ya dizilo ili ndi mphamvu yoposa ya petulo ndi 10 peresenti kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo injini yake imapanikiza mpweya kwambiri, kotero imatulutsa ntchito yambiri pa lita. Vuto n'lakuti magalimoto amakono a dizilo ali ndi sefa yogwira mwaye pa ekisozi, yotchedwa DPF, yomwe imadziyeretsa pokhapokha injini ikatentha bwino pa ulendo wautali. Mukamangozungulira nayo m'tauni sefayo imatsekeka, ndipo ndalama zoikonzera zimadya zonse zimene munapulumutsa pa mafuta. Kwa inu amene mukhala mukupita ku ntchito m'mawa n'kubwerera madzulo, hybrid yoyezedwa bwino ikuposa dizilo.

FUNSO: Galimoto ina sindingakwanitse kugula. Ndimachotsa giya potsetsereka kuti ndipulumutse mafuta, ndipo ndamva za timaginito tomangirira pa paipi ya petulo timene akuti timachepetsa kamwedwe. Kodi zimenezi zimathandiza? Ndine agogo opuma pa ntchito.

YANKHO: Agogo, timaginito timeneto musatayirepo ndalama zanu. Bungwe la boma la America loona za chilengedwe, la EPA, linayeza zipangizo zoposa 100 zimene eni ake ankati zimapulumutsa mafuta, ndipo silinapezepo chothandiza kwenikweni. N'chimodzimodzinso petulo wodula wa okiteni yokwera, amene sathandiza kanthu pa injini yomwe sinapangidwe kuti izimwa wotero.

Kuchotsa giya potsetsereka kunali ndi phindu pang'ono pa magalimoto akale a kabuleta, koma amakono, amene petulo amapoperedwa molamulidwa ndi kompyuta, amadula mafuta okha mukachotsa phazi pa moto galimoto ili m'giya, chifukwa matayala ndiwo amazungulitsa injini. Mukachotsa giya, injini imayenera kumwa petulo kuti isazime, ndipo kuwonjezera apo mwataya thandizo la injini pochepetsa liwiro, zomwe zimatenthetsa mabuleki pa mtsetse wautali n'kuika moyo wanu pa chiswe.

Mafuta ambiri amatayika pa phazi la dalaivala. Unduna wa za mphamvu wa ku America umanena kuti kunyamuka mwaphuma, kuthamangitsa ndi kuponda buleki mwadzidzidzi kumachepetsa makilomita a pa lita ndi 15 mpaka 30 peresenti pa msewu waukulu, komanso ndi 10 mpaka 40 peresenti m'misewu yodzaza. Liwiro nalonso limadya mafuta kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa mphamvu ya mphepo yolimbana ndi galimoto imakula mofulumira kuposa liwirolo: pochoka pa makilomita 90 pa ola kufika pa 120, liwiro lakwera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, koma mphepo yokankha yakwera ndi pafupifupi 78 peresenti, ndipo pa ulendo wa makilomita 100 mwangofulumira ndi mphindi 17 zokha. Katundu womangidwa pa denga amawonjezera vuto lomweli, choncho keliyala yopanda ntchito ichotseni, ndipo zolemera zimene zimangogona m'buti zitsitseni, popeza makilogalamu 45 alionse owonjezera amadya pafupifupi 1 peresenti ya mafuta.

Matayala muziwayeza mpweya kamodzi pa mwezi asanatenthe, motsatira nambala yolembedwa pa kapepala ka pa chimango cha chitseko cha dalaivala, osati imene ili pa tayalalo, chifukwa imeneyo ndi malire amene tayala lingapirire. Makina oziziritsira mkati amamwa mafuta ndithu, makamaka pa maulendo afupiafupi kukatentha, kotero poyenda pang'onopang'ono m'tauni kutsitsa magalasi n'kwabwino, koma pa liwiro lalikulu magalasi otsegula amakola mphepo, ndipo kuwatseka n'kuyatsa makinawo sikuluza kwenikweni. Za chizolowezi chosiya injini ikulira mphindi khumi m'mawa kuti itenthe, injini zamakono sizifuna zimenezo. Theka la mphindi n'lokwanira kuti oyilo azungulire, kenako nyamukani mofatsa, ndipo injiniyo idzatentha msanga ikuyenda kusiyana ndi itaima pa khomo.