Chakhumi cha geni: pa zonse zimene mwagulitsa kapena pa phindu?

Mayi wina wogulitsa kaunjika watilembera pa imelo. Akuti kumpingo kwawo ena akumuuza kuti azichotsa chakhumi pa ndalama zonse zimene wagulitsa, ena akuti pa phindu pokha. Wakhala akutsata njira yoyambayo ndipo mpamba ukunka nuchepa. Funso lake ndi lakuti: kodi kuchotsa pa phindu si kubera Mulungu?

Mayi, chotsani pa phindu. Mipingo imasiyanadi kaphunzitsidwe pa nkhaniyi, koma pa Deuteronomo 14:22 chakhumi ndi cha zimene munda wabala, ndipo pa 1 Akorinto 16:2 Paulo akuti aliyense aziika padera monga momwe wapindulira. Mpamba si chimene geni yabala. Ndi ndalama yomweyomweyo imene ikungozungulira, ndiye mukamaidula chakhumi ulendo uliwonse mudzatseka benchi.

Tiyeni tiwerengere, mitengoyi ndi yongoyerekeza. Belo mwaoda K300,000, thiransipoti K15,000, wonyamula ndi matikiti a msika K10,000. Zonse pamodzi K325,000. Belo latha, mwapeza K400,000. Phindu ndi K75,000, chakhumi chake K7,500. Mukanachotsa pa zonse mukanapereka K40,000, kuposa theka la phindu. Nanga belo likatuluka loipa n'kungobweza K340,000? Phindu ndi K15,000 basi, koma chakhumi cha pa zonse ndi K34,000. Apo mwaluma K19,000 ya mpamba ana asanadye n'komwe.

Pamene ambiri amapunthwa ndi powerengera phindulo. Masana mwatapa m'chikwama kugula ndiwo, madzulo mayunitsi, diresi labwino lija mwapatulira mwana wanu, kenako belo likatha mukuti silinapindule. Linapindula, kungoti phindu mwadyeratu. Zonsezo zilembedwe m'kope tsiku lomwelo, diresilo pa mtengo umene mukanaligulitsa, ndipo ziwerengedwe ku phindu. Chimene chimachotsedwa ndi chokhacho chimene mwawononga kuti katundu afike ndi kugulitsidwa. Lendi ya nyumba yogona ndi fizi ya ana sizilowa m'menemo, ngakhale zikupweteka chotani.

Musawerengere tsiku ndi tsiku. Tsiku lotsegula belo zovala zosankhika zimapita pa mtengo wabwino, munthu n'kumadziona ngati walemera, pamene zotsalira zidzapita motchipa. Dikirani belo lithe, kapena tsekani buku kamodzi pa mwezi. Za amene atenga pangongole kuti adzalipira pakutha pa mwezi muziwerengere akabweza, chifukwa ena sabweranso. Mukangomaliza kuwerengera, chakhumicho chilowe mu envulopu yakeyake nthawi yomweyo. Chikagona m'chikwama cha geni chimasanduka chenji.

Ngati mpamba munakongola kubanki nkhonde, chiwongoladzanja chichotsedwe limodzi ndi thiransipoti, ndipo tsiku lobweza musaliphonye ati chifukwa mwapereka kutchalitchi. Salimo 37:21 imatcha woipa munthu wokongola wosabweza. Zotenga katapila kuti dzina lanu limveke pa tsiku la zopereka, zimenezo ayi ndithu. Ngati muli ndi mtsikana wokuthandizani pabenchi, malipiro ake atuluke pa nthawi yake. Yakobo 5:4 akuti malipiro obedwa a antchito amafuula.

Palinso china chimene envulopu singakonze. Pa Mateyu 23:23 Yesu anadzudzula Afarisi opereka chakhumi cha timbewu tonunkhira koma osasamala chilungamo, chifundo ndi kukhulupirika. Malaya obooka kukhwapa, muonetseni kasitomala kenako mutsitse mtengo, osati kuwapinda mochenjera kuti akaone ali kunyumba.

Mwezi umene mwaluza, chakhumi cha geni palibe, chifukwa palibe chimene yabala. Mukafuna kupereka chaufulu perekani monga mungathere, poti 2 Akorinto 8:12 akuti mphatso imalandiridwa molingana ndi chimene munthu ali nacho. Kuluzako kulembedwenso m'kope, ndipo mwezi wotsatira yambani mwabwezeretsa mpamba musanawerengere phindu latsopano.