Kwa mchemwali amene wafunsa ngati akadali Mkhristu

Sabata yatha ndinalandira imelo yomwe ndaiwerenga katatu konse ndisanayambe kuyankha. Dzina sinditchula, mwiniwake anapempha choncho, koma wandilola kuti ndiyankhire pano poti mwina alipo ena omwe zikuwachitikira. Ndi mtsikana amene amagwira ntchito yowerengera ndalama pa ofesi ina. Abwana ake anamuuza kuti asaine malisiti a katundu yemwe sanagulidwe nkomwe, iye anakana nkuwauza kuti chikhulupiriro chake sichimulola. Kuyambira tsiku limenelo anzake anasiya kumuyankhula, ena kumamutchula kuti "amayi busa" momuseka, ndipo kontirakiti itatha sanamupatsenso ina. Pano miyezi yadutsa ali pakhomo, abale akuti anapusa, ena kutchalitchi akuti mwina pali tchimo lomwe akubisa. Koma mawu ake omaliza ndi omwe andikhudza kwambiri. Akuti kupemphera kukumukanika, ndipo akamaganizira amaona kuti tsiku lija litati libwerere mwina angosaina basi. Nde akufunsa kuti, kodi ine ndikadali Mkhristu?

Achemwali, eya mukadali. Ndayamba ndi yankholo kuti musachite kulifufuza mpaka mmunsimu.

Mukumukumbuka Yohane Mbatizi eti? Munthu uja anamuloza yekha Yesu anthu akuona, anamubatiza ndi manja ake mu Yorodano. Kenako anadzudzula Herode chifukwa chokwatira Herodiya, mkazi wa mbale wake Filipo, nde anamutsekera mndende. Ali mmenemo, Mateyu 11 akutiuza kuti anatuma ophunzira ake kukafunsa Yesu ngati alidi iye uja amayembekezeka kubwera kapena adikire wina. Taganizani, funso limeneli likuchokera pakamwa pa Yohane! Anachita chabwino, anayankhula zoona, malipiro ake nkukhala ndende, ndipo Mesiya amene ankamulalikirayo ali kunja akuchiritsa anthu ena koma osabwera kuzamutsegulira chitseko. Chomwe chimandigwira mtima ine nchoti Yesu sanamukalipire. Anangoti pitani mukamuuze zomwe mukuona ndi kumva, ndipo anthu aja akuchoka anatembenukira khamu nkunena kuti mwa onse obadwa mwa mkazi sanaoneke wamkulu kuposa Yohane. Anamuyamikira pa tsiku lomwelo lomwe iye amakayika. Ndipo ndisakubisireni, ndende ija sinatseguke, Yohane anadulidwa mutu ali momwemo.

Ndanena dala zimenezi chifukwa ndikuona ngati chomwe chikukupwetekani kwambiri si kusowa kwa ntchito kokha ayi. Ambirife tinaphunzitsidwa, mwina mosanena poyera, kuti ukaima pa choonadi Mulungu akubwezera kawiri mwezi usanathe, wakuchotsa ntchitoyo achita manyazi, iwe uima kutsogolo kupereka umboni anthu akuomba mmanja. Pena zimachitikadi choncho ndipo timathokoza. Koma zikapanda kutero munthu umaona ngati wapusitsidwa. Anyamata atatu aja, Sadrake, Mesake ndi Abedinego, timakonda kulalikira zoti anatuluka mng'anjo osapsa olo tsitsi limodzi, koma pa Danieli 3:18 asanawaponyemo anamuuza Nebukadinezara kuti Mulungu wathu angathe kutipulumutsa, koma olo asatipulumutse fano lanulo sitiligwadira. Iwowo samadziwa mathero ake. Inunso tsiku lija simunkadziwa, munangoona kuti pepalalo ndi labodza nkubweza cholembera.

Za anthu omwe akuti pali tchimo lobisikawo sinditaya nawo nthawi yambiri, anzake a Yobu ananenanso zomwezo ndipo kumapeto Mulungu anawadzudzula. Petulo m'kalata yake yoyamba 4:15-16 anasiyanitsa bwino lomwe, kuvutika chifukwa ndiwe wakuba kapena wolowerera za eni ndi kwina, kuvutika chifukwa ndiwe Mkhristu ndi kwinanso ndipo usachite nako manyazi. Alipo anthu amene amadedwa chifukwa cha mwano wawo nkumati ndikuzunzidwa chifukwa cha Yesu, zimenezo ine sindivomereza. Koma inu mwavutika chifukwa chokana kuba.

Tsopano za mawu anu aja oti mwina mukanangosaina. M'chaka cha 250 mfumu ya Roma, Decius, inalamula kuti anthu a mu ufumu wake apereke nsembe kwa milungu nkulandira kakalata kaumboni kuti aperekadi. Akhristu ena anakana nkumangidwa, ena anaphedwa. Koma ambiri anagonja, ena anaperekadi nsembezo, ena anangogula kakalatako mwachinyengo osapereka nsembe. Mukuona, nawonso nkhani yawo inali ya pepala. Zinthu zitazizira anthuwa anabwerera akulira kuti tilandireninso, ndipo mpingo unagawanika kwambiri, ena amati ameneyo wakana Ambuye basi zake zatha. Ku Carthage, kumpoto kwa Africa, bishopu Cyprian anasonkhana ndi mabishopu anzake mu 251 nkugwirizana kuti khomo lisatsekedwe, olapa abwerere atadutsa nthawi yoonetsa kulapa kwawo. Cyprian yemweyo nthawi ya chizunzocho anali atabisala ndipo ena anamunena kuti ndi wamantha, koma mu 258 anaima osagwedezeka mpaka anadulidwa mutu. Ngati anthu amene anagwadi analandiridwa, ngati Petulo amene anakana katatu pa moto paja anapatsidwanso nkhosa kuti adyetse, nanga inu amene simunagwe nkomwe, mwangotopa ndi njala ndi chitonzo, mukudziweruziranji? Paulo amene anakwapulidwa kasanu zikoti 39, kuponyedwa miyala kamodzi, analemba yekha pa 2 Akorinto 1:8 kuti ku Asiya zinamukulira mpaka anataya chiyembekezo choti akhala moyo. Sanabise.

China chomwe ndikufuna mumve, kukhala wokhulupirika sikutanthauza kungokhala duu anthu akukupondani. Paulo yemweyo atamangidwa kuti amukwapule ku Yerusalemu anafunsa ngati malamulo amalola kukwapula nzika ya Roma mlandu usanazengedwe, ndipo anamusiya. Nthawi ina anachita apilo kwa Kaisara. Ku Damasiko anathawa usiku, anzake atamutsitsa pa linga mu dengu. Nde ngati muli ndi mameseji kapena mapepala osonyeza zomwe zinachitika, sungani bwino, funsani munthu wodziwa malamulo a ntchito akuuzeni ngati pali pokadandaula. Kukhululukira abwana aja mumtima ndi kufuna chilungamo sizitsutsana. Ndipo pitirizani kutumiza makalata ofunsira ntchito, osachita manyazi kupempha thandizo kwa anthu.

Koma chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri mu imelo yanu nchoti simunatchulemo munthu olo mmodzi amene ali mbali yanu. Ku Uganda pa 3 June 1886, ku Namugongo, anyamata otumikira kunyumba ya mfumu yawo, Kabaka Mwanga, anatenthedwa amoyo chifukwa chokana kusiya chikhristu, Akatolika ndi Aanglikani limodzi. Wamng'ono kwambiri mwa Akatolikawo anali Kizito, mwana wa zaka pafupifupi 14, ndipo nkhani yawo imati ankaopa, nde mkulu wawo Charles Lwanga anamulonjeza kuti nthawiyo ikadzafika adzamugwira dzanja. Ine ndikawerenga pamenepo misozi imalengeza. Mwana uja sanauzidwe kuti siya mantha, anapatsidwa dzanja. Mutu umodzi susenza denga achemwali, ndipo chizunzo chimapweteka kawiri ukakhala wekha chifukwa mawu a okunyozawo ndi okhawo omwe umamva mpaka umayamba kuwakhulupirira. Mpingo wonse sungakumvetseni, koma pezani mmodzi kapena awiri okhwima, oti mungawauze mawu omwewa mwandiuza inewa osakuthamangitsirani ku mapemphero ochotsa ziwanda. Ndipo inu abale amene mukuwerenga, ngati mu mpingo mwanu muli munthu wotere, muimbireni foni lero, mufunseni ngati wadya, ngati lendi walipira.

Za kupemphera komwe kukukanikako, musadzikakamize kupanga mawu okoma omwe mulibe. Tsegulani Salimo 88 muwerenge mokweza. Ndi pemphero la munthu amene akulira usana ndi usiku, akufunsa Mulungu kuti mwandibisiranji nkhope yanu, ndipo mpaka vesi yomaliza mulibemo aleluya, limathera mu mdima. Komabe linasungidwa mu Baibulo, ndipo kuyambira pa vesi yoyamba munthuyo akuyankhula ndi Mulungu, sanapite kwina. Likakhala lalitali werengani mavesi awiri okha, mawa awiri ena. Ine ndayamba kale kukutchulani mmapemphero anga mmawa uliwonse, ndipo mundilemberenso pakatha masabata awiri mundiuze ngati mwamupeza munthu uja.