Kamalo kakuseri kwa nyumba ya lendi: musayambe ndi matimati

Mayi wina wa ku Area 25, ku Lilongwe, wandilembera imelo. Akuti kuseri kwa nyumba yomwe akuchita lendi kuli kamalo kokwana mphasa zitatu. Chaka chatha adadzalapo matimati, onse adauma asanalaweko ndi limodzi lomwe, ndiye bambo akunyumba akuti za dimbazo zithe chifukwa bilu ya madzi idakwera pachabe. Akufunsa ngati ayambirenso kapena angoiwalako.

Musasiye, amayi. Koma kalata yanuyi yandikhudza pachilonda, ndiye mundilole ndiyambe ndadandaula kaye.

N'chifukwa chiyani aliyense woyamba dimba m'tauni amathamangira matimati? Ine ndidakulira ku Ntcheu, chakufupi ndi Lizulu, komwe matimati ndi kabichi zimadzaza malole opita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kumeneko matimati ndi ntchito yeniyeni. Munthu amadzuka m'bandakucha kukathirira kudambo, amazika timitengo, kumangirira, kuthena mphukira, kupopera mankhwala pafupifupi sabata iliyonse, ndipo nthawi zina amaluzabe. Mayi anga adali nalo dimba lotere, koma ndiwo zathu za tsiku ndi tsiku sizinkachokera kumeneko ayi. Zinkachokera kuseri kwa khitchini, mmunsi mwa thandala la mbale, pomwe madzi otsukira ankadonthera. Pamenepo bonongwe ankamera yekha. Dzungu limodzi linkayanga kumpanda n'kumatipatsa nkhwani miyezi ingapo. Panalinso luni, ndi kamzere ka mbatata kongothyolako kholowa. Mbewu sankagula. Ankangosiya bonongwe muwiri kapena mutatu kuti akhwime, njere zigwe zokha. Ndiwo zikachuluka ankafutsa, mfutso n'kusunga m'zikwatu podikira miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kunja kumakhala kuli gwa. Mutawafunsa nthawi imeneyo ngati ali ndi dimba pakhomo, akadakana, chifukwa kwa iwo dimba lidali lakudambo lija.

Nditasamukira m'tauni ndidachita zomwezo pa nyumba ina ya lendi. Bonongwe atangofika m'mawondo, alandilodi adabwera kudzatenga ndalama, n'kuima kaye, manja m'chiuno, amvekere nyumba yawo ndaisandutsa tchire. Adandilamula kuzula kuti padzalidwe kapinga. Kapinga! Yemweyo amene kwawo ankamuthirira ndi paipi dzuwa lili pamutu mu Okutobala, osadyedwa ndi munthu ngakhale mbuzi. Ndidazula, nanga nyumba idali yanga? Koma mpaka lero nkhaniyi imandiwawa, ndipo yandichititsa kukhulupirira kuti vuto la madimba a m'tauni si malo ochepa. Ndi manyazi. Timaona ngati bonongwe, chisoso ndi denje ndi ndiwo za osauka, zosayenera kuoneka kumpanda wa njerwa, ndiye timalimbana ndi mbewu zofuna mankhwala ndi madzi ambiri kuti alendo aone kuti ndife otsogola. Kenaka munthu yemweyo akapita kusikelo ndi mwana, azaumoyo akumuuza kuti azidya masamba obiriwira kwambiri owonjezera magazi, akukagula bonongwe wofota pamsika.

Poti ndayamba kale, nditchulenso za tsache. M'mawa uliwonse timasesa pabwalo mpaka dothi kuchita kuwala, masamba a mango ndi makoko a nthochi n'kuunjika pakona n'kuyatsa moto. Manyowa amenewo tikuwotcha! Mawa lake tikudandaula za mtengo wa feteleza. Dothi la m'mapuloti ambiri ndi lofiira, lopondedwa, losakanikirana ndi zidutswa za njerwa ndi simenti zotsala pomanga. Mukathira madzi amangoyenderera pamwamba. Dothi lotero silichira ndi feteleza wogula pa kapu, limafuna zinthu zowola.

Matimati anuwo sindidawaone, koma adani ake ndi odziwika. Nthawi ya mvula ndi chiwawu. Kukatentha ndi akangaude ofiira, ting'onoting'ono tokhala kunsi kwa masamba, masambawo n'kuchita mbuu mpaka kuuma. Palinso kachirombo kotchedwa Tuta absoluta, kochokera ku South America, komwe mphutsi zake zimalowa m'kati mwa tsamba ndi chipatso momwe, moti mankhwala ambiri sazipeza. Woyamba kumene akaona zimenezi amathamangira kumsika kukagula mankhwala a m'timabotolo topanda dzina, kupopera lero, mawa kuthyola. Zimenezo zokha musayerekeze, makamaka pakhomo pa ana.

Za bambo ndi bilu ya madzi

Pano ndiwaikira kumbuyo bambowo pang'ono. Akunena zoona kuti dimba lothirira ndi madzi a pampopi likhoza kudula kuposa kugula ndiwo. Nthawi yotentha, bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 3 m'litali limamwa pafupifupi ndowa ya malita 20 patsiku. Mabedi asanu ndi ndowa zisanu tsiku lililonse, werengerani pamwezi. Ndiye kukula kwa dimba lanu musakuyeze ndi malo, kuyezeni ndi madzi omwe mumataya kale: otsukira mpunga, masamba ndi mbatata, otsukuluzira mbale ndi zovala komaliza. Pakhomo pa anthu asanu ndowa imodzi kapena ziwiri zimapezeka popanda kutsegula mpopi mwapadera. Madzi a sopo wambiri, a mafuta, a jiki kapena ochapira matewera asafike pa ndiwo. Enawo thirani pansi patsinde, osati pamasamba.

Mukawauza bambo kuti dimba lizimwa madzi otayidwa okha, mkangano watha. Akapitiriza kukana, ndiye kuti nkhani si madzi, ndipo imeneyo ndi ya ankhoswe, si yanga.

Ndiye muchite chiyani? Yambani ndi bedi limodzi, pamalo pomwe dzuwa limawomba maola osachepera 6. Gaulani mozama, chotsani zidutswa za njerwa, sakanizani dothi ndi ndowa ziwiri kapena zitatu za manyowa owola bwino. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mbewu, zisiyeni ziwole kaye miyezi iwiri. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pozizira, dzalani mpiru, repu kapena chayinizi: fesani pa kanazale, wokerani pakatha masabata atatu kapena anayi, madzulo, motalikana masentimita 30. Kukayamba kutentha sinthani, ikani bonongwe, therere ndi chitambe. Bonongwe mumangowaza njere zosakaniza ndi mchenga, pakatha mwezi mwayamba kudya. Phimbirani bedi ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe, ndipo thyolani masamba akunsi okha, mbewu ipitirize kuphuka. Mpiru, repu, chayinizi ndi kabichi ndi banja limodzi, matenda awonso ndi amodzi, choncho musazibwereze pamalo pomwepo motsatizana. Nsabwe zikagwa, sinjani masamba a nimu kapena tsabola ndi adyo, viikani m'madzi usiku wonse, sefani, onjezani kasopo pang'ono, poperani dzuwa litapepa.

Popeza nyumbayo ndi ya eni, lankhulani nawo musanagwire khasu. Akakana, dzalani m'matumba akale a makilogalamu 50, mutaboola kunsi kuti madzi azituluka. Tsiku losamuka mungowakweza pa lole limodzi ndi mipando. Ndipo musanafese kanthu mangani kampanda, kaya ka udzu, kaya ka bango, chifukwa nkhuku za aneba zimamaliza bedi la mpiru inu muli kutchalitchi, mwini wake n'kudzakuuzani kuti nkhuku ilibe nzeru. Neti yogonamo musamangire mpanda, imeneyo ndi ya udzudzu.

Matimati mudzayeserenso chaka chamawa mvula ikangotha, mitengo inayi yokha, pamalo pomwe simudadzalepo matimati, tsabola kapena mabiringanya.